Zikwama za Mbendera

9 Febuluwale

Ababa okondedwa,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli amphamvu, inu ndi azakhali ndi mdzukulu wanu Kadona. Ine kuno ndili bwino, kupatula kachifuwa ka nthunzi ya kuntchito. Bambo a Kadona nawonso alipo, akuti moni. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumangoti "eya, eya" ndi khutu lanulo, kenako n'kukawauza azakhali zina.

Ntchito ndi yomwe ija yochapa nsalu za pabedi za m'mahotela. Zimabwera pa lole, timachapa, timasita, timapinda, mawa lake zabweranso zomwezo. Makoma oyera, nsalu zoyera, ife yunifolomu yotuwa ndi kachipewa kotuwa. Ababa, maso anga akumva njala. Inu amene munanditcha Mbendera chifukwa cha siketi yobiriwira ndi bulauzi yachikasu ija, mutandiona lero mungandidutse pamsewu osandipatsa moni. Mwinanso mungakondwe.

Koma ndili ndi nkhani. Chikwama changa cham'manja chinaduka lamba m'sitima, zinthu zonse mbwee pansi, anthu akupondapo. Za m'sitolo kuno n'zokongola ndi maso okha, mkati mwake ndi pepala lomata ndi guluu. Ndinati sindigulanso. Pa kaunjika ndinapeza jekete yachikopa yofiira yong'ambika kukhwapa, mwini wake anachita kundithokoza poichotsa. Kumsana kwake ndinadulako thupi la chikwama, mkono umodzi ndinapangira kathumba ka kunja, lamba ndinatenga wachikasu uja ndinkamanga m'chiuno. Ndinasoka ndi singano ya nsalu, zala zonse zilonda. Mizere yakhota, inu mukanachiponya kudzala. Koma ndikachikoloweka paphewa pamwamba pa zotuwazo, ndimamva kuti amene akuyendayu ndine.

Azimayi a kuntchito akungochigwiragwira. Wina anandifunsa sitolo yake, ndinamuonetsa zala.

Ndiye ndikupempha mundigawireko singano yanu imodzi yosokera nsapato, ya mbedza ija, ndi ulusi wa phula. Mupatsire adalaivala a lole amene akubweretserani kalatayi. Ndawapatsanso kangachepe. Mugule lata la pamene pakudontha pamwamba pa bedi la Kadona, yotsalayo ikhale ya mankhwala a miyendo ya azakhali.

Ndine mwana wanu,
Mbendera


14 Epulo

Ababa,

Landirani moni wa kuno. Ndakondwa kumva kuti denga lasiya kudontha, ndiponso kuti azakhali ayambanso kupita okha kumsika. Ine chifuwa chinatha.

Singano inafika. Nditaitulutsa m'pepala ndinapeza chigwiriro chake chili ndi kadzenje ka chala chanu chachikulu. Kalata yanu sinandichedwetse, poti inali ya mizere iwiri: "Usaitaye. Chikopa sichifuna munthu wopupuluma." Zikomo. Pa kupupuluma simunalakwe. Masiku ano kukhala pansi kukundikanika. Ndikamapinda nsalu kuntchito, manja ali pansalu koma mutu ukudula majekete. Munthu akandidutsa atavala chikopa ndimamuyang'ana kumsana ngati wogula mbuzi.

Choyamba kugulitsa chinayenda chonchi. Ndili pokwerera basi, namwino wina anandiyang'ana, n'kuyang'ananso, kenako anandikoda pachigongono.

"Achemwali, ichi munagula kuti?"

"Sindinagule, ndinasoka."

"Ndisokereni chonchi chomwechi."

"Chonchi sichingapezekenso, jekete yake inali imodzi. Ndikusokerani chanu."

"Changa n'chotani?"

Ndinamuyang'ana. Zovala zonse zoyera, koma ndolo zabuluu, zazikulu ngati zitsekerero za mabotolo. Ndinamusokera chabuluu cha lamba wa olenji. Atachilandira anaseka mpaka kugwira m'mimba, n'kundipatsa ndalama imene kochapa ndimaikhetsera thukuta masiku angapo. Tsopano anzake akufunanso zawo, ngakhale akapitawo athu, mayi amene sanandisekererepo chiyambire ntchito.

Bambo a Kadona sizikuwasangalatsa. Chipinda chathu n'chimodzi, ndiye akabwera ku ulonda m'mawa amapeza pabedi pali zidutswa zokhazokha. Koma nkhani si bedi. Tsiku lina ndikutuluka anaima pakhomo n'kuti, "Iwe, kuno n'kwa eni. Anzako amayenda m'mbali mwa khoma, iwe ukuyenda ngati ukuitana dziko lonse lidzakuone." Mnzawo wa kuntchito anatengedwa mwezi watha ndi anthu ofunsa mapepala, ndiye sindikuwaweruza. Ndinangoti ndamva. Chikwamacho ndinanyamulabe.

Ababa, pangodya pakundivuta. Chikopa chikapindika kawiri singano imakana, ndikakakamiza chimang'ambika. Inu pachidendene cha nsapato munkatani? Ndinkakhala pansi pa tebulo lanu ndikupaka ulusi phula, koma maso anali pa madiresi a anthu odutsa. Mundifotokozere bwinobwino, ngakhale mizere ifike itatu.

Ya sukulu ya Kadona ndatumiza. Nsapato zake mukonze nokha, musamugulire zapulasitiki zomwe zakulandani makasitomala zija.

Mwana wanu,
Mbendera


20 Juni

Ababa,

Tili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mwina mwamva za kuno pa wailesi. Kadona musamuuze kalikonse.

Mumsewu mwathu munali chipwirikiti. Mashopu a alendo anatsekedwa, ena sanatsegulidwenso. Banja la chipinda choyandikana nafe linachoka ndi zimene linavala. Poto wawo akadali panja pomwe anamusiya, palibe womukhudza. Ife tinabindikira m'nyumba, katani yotseka. Pano zazizirako, ndayambanso kupita kuntchito. Ndimavala zotuwa kuchoka pakhomo mpaka kubwerera, chakudya ndimanyamulira m'pepala lapulasitiki.

Zikopa zanga kulibe. Ndinali nditasonkhanitsa thumba lathunthu, ndi zikwama zotha kale za anamwino aja. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinapeza pansi pa bedi pali mbee. Bambo a Kadona anati anachita zimenezo kuti tikhale ndi moyo. Sindinafunse kumene anakataya. Singano yanu inapulumuka chifukwa inali m'thumba la yunifolomu.

Malangizo anu a pangodya ndinalandira: kupala chikopa ndi lezala kuti chipyapyale, kuchinyowetsa pang'ono, kuboola kaye kenako n'kusoka. Koma ndilibe poyesera. Ndinalandiranso mawu anu akuti mwamuna akaona ngozi mkazi azimvera, ndi akuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ntchito yochapayi ndiigwire ndi manja awiri. Ndamva, ababa. Kungoti tsiku lopuma ndimangozungulira m'chipindamu ngati nkhuku yosowa poikira.

Mwezi uno musayembekezere kanthu. Moni kwa azakhali.

Mbendera


11 Ogasiti

Ababa okondedwa,

Kaya mwadzuka bwanji kumeneko ndi mphepoyi? Ine ndilipo. Mukhululuke kalembedwe, dzanja lamanja linatupa pamfundo. Ndinagwera pachitseko. Likupola.

Kuyambira tsopano makalata adalaivala azisiya ku saluni ya pafupi ndi siteshoni ya sitima, kwa mayi amene aliyense amawatcha Mayi Chipeso. Ndiko ndikukhala. Ndi mayi wamkulu thupi ndi mawu omwe, mwamuna anawasiya kalekale ndipo amati ndi tsiku limene anayamba kunenepa. Andipatsa kachipinda ka kuseri komwe amasungamo matawulo. Zenera lake limayang'ana khoma, ndipo ndimadzuka ndikununkha mankhwala a tsitsi, koma kiyi ndi wanga.

Bambo a Kadona anapeza ulonda pa famu ina kutali, kumene akuti munthu akhoza kutha chaka osafunsidwa dzina. Anati tipite. Tsiku lomwelo anapeza jekete yobiriwira imene ndinagula mobisa. Tinalankhulana. Anapita okha. Zina ndidzakuuzani pamaso, musandifunse m'kalata.

Mmawa wake ndinavala bulauzi yachikasu n'kuyenda pakati penipeni pa msewu mpaka kusiteshoni. Sindikunamizani, mantha awo aja si abodza, inenso ndili nawo. Koma ndinayesa kukhala munthu wosaoneka ndipo mantha sanachepe, chinachepa ndine.

Mayi Chipeso ndi amene anaganiza zokhoma misomali m'mbali mwa galasi lalikulu la mu saluni. Anati, "Mwana iwe, mzimayi akakhala pampando uwu kulukitsa tsitsi, sangatembenuze khosi mpaka dzuwa kupendeka. Chimene tamuikira patsogolo ndi chimene akonde." Ndipo n'zoona. Amayamba n'kunyoza kuti mitundu iyi siyenderana, pakati pa mutu amafunsa mtengo, pomaliza kuluka ali nacho pamiyendo. Ine ndimasoka ndikaweruka kochapa. Dzanja likamapweteka ndimakoka ulusi ndi mano.

Ngodya tsopano zikugona bwino. Lezala ija ndiye mankhwala ake.

Ndatumiza zikwama ziwiri. Chapepo cha maluwa achikopa ndi cha azakhali, mkati ndaikamo kathumba ka mabotolo awo a mankhwala. Kakang'ono kofiira ndi ka Kadona. Kusukulu asapite nako, angamulande. Ngati wayamba kuvala zosayenderana musamukalipire, ndi magazi.

Mwana wanu,
Mbendera


2 Okutobala

Ababa,

Moni nonse. Ndili bwino, dzanja linachira, ngakhale kukazizira limandikumbutsa.

Adalaivala atanditulutsira phukusi ndinaganiza kuti mwanditumizira kanthu kakumudzi. Kutsegula, chikwama cha azakhali. Mphatso amabweza, ababa? Ndinachiponya pa matawulo, tsiku lonse osachiyang'ana. Kalata munalibemo, ngakhale mzere umodzi.

Mawa lake mkwiyo utaphwa ndinachitembenuza. Ndinaona kuti mwamasula ulusi pansi ponse n'kusokanso, mwaikamo kachikopa kolimba ka soli kuti chiziima chokha, ndipo pamene lamba amagwira thupi mwabwereza ulusi mopingasa. Ndinachikoka ndi mphamvu zanga zonse, osasuntha. Ndinakoka changa cha pakhoma, ulusi unalira. Maluwa anga ndi mtundu wapepo simunakhudze, ndinaona zimenezonso. Ndiye ndinatsitsa zonse za pagalasi n'kuyamba kumasula ulusi. Mayi Chipeso anati, "Bambo akowa ndi kapitawo woposa wa kochapa." Ndachibwezanso, ulendo uno azakhali achilandire.

Tsopano imvani izi. Kunabwera mayi wina wa sitolo ya zovala ya m'tauni, wa magalasi pamphumi. Anatenga chikwama chimodzi, anachinunkhiza, anayang'ana mizere, n'kunena kuti dzanja langa ndi labwino koma maso anga ndi aphokoso. Akufuna zambiri, zofanana, zakuda zokhazokha, ndipo azimatapo dzina la sitolo yake. Chikopa abweretsa yekha, chatsopano.

"Makasitomala anga ndi anthu a m'maofesi," anatero. "Safuna kuoneka ngati mbalame."

"Nanga kalamba kofiira kokha?"

"Ngakhale ulusi wofiira ayi."

Ndalama yake ndi yoti Kadona angaphunzire chaka chonse inu osadandaula. Ndavomera. Mayi Chipeso anangokweza mapewa n'kupitiriza kupesa munthu. Ndikudziwa muti ndachita bwino, ndipo mwina ndachitadi bwino. Nanga bwanji ndikumva ngati ndagulitsa mbuzi ya eni?

Kochapa ndikupitabe. Mukanakhala pano mukanati mapanga awiri avumbwitsa, ndiye ndadzinenera ndekha kuti musavutike.

Mwafunsa kudzera kwa adalaivala za bambo a Kadona. Sindinamve kanthu.

Mbendera


27 Novembala

Ababa okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalata ino muwerenge mpaka kumapeto musanaipinde, chifukwa chachikulu chili kumapetoko.

Zakuda zija ndinasoka. Chikopa chake chinali chofewa ngati tsaya la mwana, singano imangolowa yokha. Koma chimodzi, china, chinanso, zonse nkhope imodzi, ndinayamba kumva ngati ndikupindanso nsalu za m'mahotela. Ndiye ndinatenga madiresi anga akale, la maluwa a olenji lija ndi lobiriwira la madontho, n'kuwadula kukhala nsalu ya mkati. Kunja bii, kutsegula zipi, dzuwa.

Mayi wa sitolo anatsegula choyamba. Anatsegula chachiwiri.

"Ndinati zakuda."

"Kunja n'zakuda, mayi."

"Ukuganiza kuti ndine mnzako wosewera naye?"

Anasankha zochepa za mkati mozizirirapo n'kudula mtengo. Zotsalazo anati nditenge m'malo mwa malipiro, ndipo ndisadzapondenso pakhomo pake. Ndinazinyamula m'thumba mpaka m'sitima, ndikulira ngati mwana, anthu akundipatsa malo poganiza kuti ndaferedwa. Kulakwa ndinalakwa, tinapangana zina. Koma mukanandipatsanso chikopa chija, sindikulonjeza kuti ndikanachita mosiyana.

Sabata yomweyo ndinawodzera pa makina ositira, nsalu inapsa. Akapitawo anandiitanira pambali, chikwama chimene ndinawasokera chili paphewa pawo, n'kuti, "Sankha, mwana wanga. Pano kapena uko." Ndinapita kukavula yunifolomu, ndinaipinda bwinobwino n'kuwapatsa. Panja ndinaima nthawi yaitali osadziwa kolowera, poti masana a pakati pa sabata ndinali ndisanawaonepo kuno. Ndiye ntchito ndilibe, ababa. Zakuda zija zili pagalasi la Mayi Chipeso, zikuchoka pang'onopang'ono. Mlembi wina wa ku ofesi anatsegula, anatseka, anatsegulanso, n'kuti, "Abwana anga sadzadziwa." Anagula.

Tsopano chachikulu. Dzana kunabwera bambo a Kadona. Aonda, ntchito ya kufamu inatha. Anakhala pampando wa makasitomala, chipewa pabondo, Mayi Chipeso ataima kumbuyo kwawo ndi lumo m'manja ngati akufuna kuwameta. Anayang'ana zikwama nthawi yaitali n'kuti n'zokongola. Anati atopa, akubwerera kumudzi. Kenako anati mwana sangaleredwe ndi mayi wogona mu saluni, akafika akamutenga Kadona apite naye kwa amayi awo.

Anyamuka ndi basi, mwina afika kalatayi isanafike. Akanena zambiri za ine, zina zoona. Mwanayo ndi wawonso, kumuona amuone. Koma ababa, ndagwira mwendo wanu, Kadona asachoke pakhomo panu. Sindinakupempheni chinthu chachikulu chiyambire. Ndikulemba nditaimirira, kukhala pansi kwandikanika.

Mwana wanu,
Mbendera


18 Januwale

Ababa,

Moni wa chaka chino kwa inu, azakhali ndi Kadona. Ine ndili bwino, ndipo tsopano ndikupuma ngati munthu.

Azakhali anandifotokozera zonse pafoni, akuseka mpaka kutsokomola. Akuti bambo a Kadona atafika munawapatsa mpando, munayang'ana kumapazi kwawo n'kuti, "Nsapatozi zayasama, vulani ndikusokereni." Ndiye munawasunga osavala nsapato kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, inu mukusoka mosapupuluma, iwo akulankhula mpaka mawu kuwathera. Pomaliza munawabwezera nsapato n'kuti mwana azidzamuona tsiku lililonse limene afuna, pakhomo pomwepo, ndipo mpando umenewo ndi wawo. Akuti amabweradi Loweruka, ndipo anamukonzera Kadona njinga. Zimenezo zandikondweretsa. Si munthu woipa monsemonse, mantha a kuno anamudya.

Kalata yanu ulendo uno inafika mizere inayi, ndinachita kukhala pansi. Mwafunsa ngati chitseko chimene ndinagwerapo chija chinali ndi manja. Eya, ababa, chinali nawo. Tisiyire pomwepo.

Kuno ndapeza theka la tebulo pamsika wa Loweruka, theka linalo ndi la mayi wogulitsa ndolo. Mvula ikabwera timakumbatira katundu n'kuthawira pakhonde la sitolo ya mankhwala. Mwezi uno anthu alibe ndalama, pali masiku ndimabwerera ndi zonse zimene ndinapita nazo. Pamenepo ndimaganiza za kochapa, kuti kunja kuche kuipe, malipiro ankabwera. Kenako kumabwera munthu ngati mtsikana wa sabata yatha, amene anagula chakuda ku sitolo ya m'tauni ija n'kuyenda saluni ndi saluni kufunafuna amene anasoka mkati mwake. Akufuna cha ukwati wa mkulu wake, ndipo anati mitundu ndisankhe ndine. Mawu amenewo ndinagona nawo.

Chimene chikundidyera nthawi ndi malamba. Thupi la chikwama ndimalikonda, koma lamba ndi mzere wautali wowongoka, ndipo ine ndi mzere wowongoka mukutidziwa. Azakhali akuti masiku ano mumakhala patebulo panu kuyang'ana anthu akudutsa ndi nsapato zapulasitiki. Ndiye m'phukusili muli malamba odula kale, ndi ulusi wake. Musoke, adalaivala akamabwerera atenge. Si chithandizo, ndi ntchito, ndipo ndikulipirani pa lamba aliyense. Ena ndi apinki. Mupirire.

Pansi pa kalata yanu Kadona analembapo ndi pensulo kuti, "Amayi mubwera liti?" Zilembo zake zawongoka, sindinadziwe kuti wayamba kulemba chonchi. Ndakhala ndikuyenda nalo funsoli m'sitima, pamsika, paliponse. Chaka chatha ndinkamuuza kuti mwezi wamawa, chifukwa ndinkadikira kuti akapitawo andipatse tchuthi, ndipo mwezi wamawawo sunafike. Ulendo uno musamunamize. Mumuuze kuti amayi ako tsiku sakulidziwa, ya basi sinakwane. Koma mumuuzenso kuti ikadzakwana palibe amene ndidzamugwadire kupempha chilolezo. Ndidzangopinda tebulo, n'kubwera.

Ndine mwana wanu,
Mbendera